Port ndi Crows: udani wa pachibale mumzinda wa Adelaide

Pa 20 Epulo 1997, pabwalo la Football Park ku West Lakes, matimu awiri a mumzinda wa Adelaide anakumana koyamba mu ligi yayikulu ya mpira wa ku Australia. Port Adelaide inali itangolowa kumene mu ligiyo, ndipo awa anali masewero ake achinayi. Adelaide Crows inali itakhalamo kale zaka zisanu ndi chimodzi. Wongoyang'ana pa ndandanda wa matimu akanati Port ndiye mwana, Crows ndiye wamkulu. Koma Port inakhazikitsidwa mu 1870, moti tsikulo inali ndi zaka 127, pomwe Crows inabadwa mu 1990, ndipo chimene chinaibereka ndi mkangano umene Port yomweyo inayambitsa. Port inapambana ndi mapointi 11. Masewero a matimu awiriwa amatchedwa Showdown, ndipo ukali wake sungamveke kwa munthu amene sakudziwa kumene aliyense wachokera.

Mpira wake si uja timaudziwa wa zigoli za ukonde. Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, mpira nawonso ndi wosongoka mbali ziwiri, ndipo timu iliyonse imakhala ndi osewera 18 m'bwalo. Mbali iliyonse kuli mitengo inayi. Ukamenya mpira ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo iwiri yayitali yapakati, ndi chigoli cha mapointi 6. Ukadutsa cha m'mbali, pakati pa mtengo wautali ndi waufupi, ndi pointi imodzi yokha. Wosewera amaloledwa kugwira mpira ndi manja, kuthamanga nawo akuunjanjitsa pansi, kapena kuukhoma ndi nkhonya popatsira mnzake. N'chifukwa chake zotsatira zimafika 80, 100 kapena kuposa apo.

Masewerowa anayambira ku Melbourne chakumapeto kwa zaka za m'ma 1850, koma kwa zaka zoposa 100 kunalibe ligi imodzi ya dziko lonse. Chigawo chilichonse chinali ndi yake. Ku Victoria, chigawo cha Melbourne, kunali ligi ya VFL, ku Western Australia kunali ligi ya ku Perth, ndipo ku South Australia, chigawo cha Adelaide, kunali bungwe limene linayamba mu 1877, lomwe lero limadziwika kuti SANFL. Adelaide ndi Melbourne zatalikirana makilomita oposa 700, ndiye munthu wa ku Adelaide analibe chifukwa chochemerera timu ya ku Melbourne. Timu yake inali ya dera limene anabadwira: Norwood chakum'mawa kwa mzinda, Glenelg kugombe, Sturt ku Unley, North Adelaide, South Adelaide, West Adelaide, West Torrens. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anakhazikitsa lamulo loti wosewera azisewerera timu ya dera lomwe akukhala, ndipo zimenezi zinamangiriza timu iliyonse ku misewu yake, masukulu ake ndi mabanja ake. Amene ankasewera Loweruka anali yemweyo mumakumana naye kuntchito Lolemba.

Port Adelaide ndi dera la doko, pafupifupi makilomita 14 kumpoto chakumadzulo kwa pakati pa mzinda. Kumeneko kunkakhala anthu otsitsa ndi kukweza katundu m'sitima zapamadzi, ogwira ntchito m'mafakitale, anthu odya thukuta lawo. Timu yawo yakhala pabwalo la Alberton kuyambira 1880 mpaka lero. Poyamba inkasinthasintha mitundu ya malaya, koma mu 1902 inayamba kuvala jezi yakuda ya mizere yoyera yotsika, imene anthu anaipatsa dzina loyerekeza ndi zitsulo za pawindo la ndende. Timuyo inkatchedwa Magpies, dzina la mbalame ya nthenga zakuda ndi zoyera. Apa owerenga akwathu asasokonezeke: khwangwala amene timamudziwa ali ndi choyera pachifuwa, koma akhwangwala a ku Australia ndi akuda bii, ndipo mbalame yakuda ndi yoyera ndi magpie. Crows ndiye akhwangwala, Magpies ndi mbalame inayo.

Port inali timu yopambana mosatopa. Mu 1914 inamaliza chaka chonse osagonja ngakhale kamodzi. Inapambana kanayi mpikisano wa akatswiri a zigawo, wotchedwa Championship of Australia, mu 1890, 1910, 1913 ndi 1914. Fos Williams atabwera kuchokera ku West Adelaide mu 1950 kudzakhala kaputeni komanso mphunzitsi, timuyo inafika pena: inatenga chikho zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 1954 mpaka 1959. Russell Ebert anapata kanayi mendulo ya Magarey, yomwe imaperekedwa kwa wosewera wopambana onse mu ligiyo. Zikho zonse za SANFL zimene Port yatenga ndi 36, ndipo palibe ina yafikapo. Kupambana kotereku kumabala nsanje. Ku Adelaide munthu ankakhala wa Port kapena wodana ndi Port, ndipo mdani wake wamkulu anali Norwood, timu ya mu 1878 imene anthu ankaiona ngati ya mabanja opeza bwino.

Komabe matimuwa anali a nyumba imodzi, ndipo zikavuta ankagwirana manja. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anyamata ambiri atapita kunkhondo, kuyambira 1942 mpaka 1944, matimu asanu ndi atatu anaphatikizana awiriawiri: Port ndi West Torrens, Norwood ndi North Adelaide, Sturt ndi South Adelaide, West Adelaide ndi Glenelg. Nkhondo itatsala pang'ono kutha aliyense anabwerera kwake. Mu 1974 bungwe la SANFL linatsegula bwalo lakelake, Football Park, atasemphana kwa zaka zambiri ndi akuluakulu a kiriketi amene ankayang'anira bwalo la Adelaide Oval. Pa ndime yotsiriza ya 1976, Sturt itagonjetsa Port, chiwerengero chimene chinalengezedwa chinali anthu 66,897. Umu ndi mmene ligi ya mzinda umodzi inalili yamphamvu.

Chimene chinagwedeza zonsezi ndi ndalama za ku Melbourne. Matimu a VFL ankalipira bwino, ndipo akatswiri a ku Adelaide anayamba kuwoloka malire. M'chaka chimodzi chokha cha 1986, Stephen Kernahan wa Glenelg ndi Craig Bradley wa Port anapita ku Carlton, John Platten wa Central District anapita ku Hawthorn. VFL nayo inali itayamba kufutukuka: South Melbourne inasamukira ku Sydney mu 1982, West Coast Eagles ya ku Perth ndi Brisbane Bears zinalowa mu 1987, ndipo mu 1990 ligiyo inasintha dzina n'kukhala AFL. South Australia inatsala kunja. Akuluakulu a SANFL, motsogozedwa ndi Max Basheer, sankakana kuti tsiku lina adzalowa, koma ankafuna kulowa pa nthawi yawo ndi pa mtengo wawo, ndipo anagwirizana kuti 1993 isanafike nkhaniyi isakambidwe. Anali ataona mmene ligi ya ku Perth inafookera West Coast itangolowa.

Chakumapeto kwa Julayi 1990 kunamveka kuti Port Adelaide, pansi pa wapampando wake Bruce Weber, yakambirana mwamseri ndi AFL ndipo yagwirizana zolowa yokha mu 1991. Mzinda unatekeseka. Matimu ena asanu ndi anayi anaona kuti mnzawo wawalowa pansi: anakhala nawo limodzi pa msonkhano, anavomereza nawo zodikira, kenako n'kuzembera kukhomo la kuseri. Glenelg inathamangira kukhoti ndipo inatenga chiletso choimitsa zokambiranazo. Chiletsocho chinapatsa SANFL mpata wochita zimene inkakana kwa zaka zambiri. Inapempha yokha chiphaso cha timu yatsopano ya chigawo chonse, ndipo AFL inavomera. Umu ndi mmene Adelaide Crows inabadwira, mothamanga, m'miyezi yochepa. Inavala mitundu ya chigawo cha South Australia, yabuluu, yofiira ndi yachikasu, ndipo dzina lake likuchokera ku dzina lakale lonyazitsa anthu a chigawocho, loti odya akhwangwala.

Kodi Port inalakwa? Ine ndikuona kuti njira imene inatsata inali yachinyengo kwa anzake, ndipo mkwiyo wawo unali ndi maziko. Koma pa kuwerenga nyengo, Port inaona bwino kuposa onse. Ligi ya dziko lonse inali ikubwera, afune asafune, ndipo timu iliyonse yotsalira mu SANFL inali yoti idzasanduka nazale yolerera osewera a ena. Port sinafune kuti zaka 120 za mbiri yake zithere pamenepo. AFL nayo si yoyera m'nkhaniyi. Inkafuna msika wa Adelaide ndi ndalama za wailesi yakanema, ndipo Port inali chida chabwino chokakamizira SANFL. Itapeza chimene inkafuna, inaisiya Port panja.

Ndime yotsiriza ya SANFL ya chaka chomwecho inakumanitsa eni mlandu okhaokha: Port ndi Glenelg. Port, yophunzitsidwa ndi John Cahill, inapambana 108 kwa 93. Mphunzitsi wa Glenelg tsikulo anali Graham Cornes, munthu amene sankabisa kuti Port samaifuna. Patangopita masiku ochepa, Cornes yemweyo anasankhidwa kukhala mphunzitsi woyamba wa Crows, ndipo kaputeni woyamba anali Chris McDermott, wochokeranso ku Glenelg. Kwa anthu a ku Alberton uthenga unali womveka. Timu imene ankati ndi ya aliyense wa ku South Australia inali m'manja mwa amene anawatsekera khomo. Osewera ena a Port analowabe mu Crows, monga Scott Hodges amene anamwetsa zigoli 153 mu 1990, koma ochemerera ambiri a Port sanasunthe.

Pa 22 Malichi 1991 Crows inasewera masewero ake oyamba n'kuswa Hawthorn ndi mapointi 86, Hawthorn yomwe inadzatenga chikho chaka chomwecho. Anthu a Norwood, Sturt, Glenelg ndi matimu ena, amene dzulo lake ankatukwanizana, anapezeka atakhala benchi imodzi atavala mpango umodzi. Nthawi yomweyo SANFL inayamba kuchepa: Woodville ndi West Torrens zinaphatikizana kukhala timu imodzi kuyambira 1991.

Port sinagwe ulesi. Inapitiriza kutenga zikho za SANFL mu 1992, 1994, 1995 ndi 1996, ndipo AFL itatsegula mwayi wa chiphaso chachiwiri cha ku Adelaide, Port inapikisana ndi magulu ena, kuphatikizapo Norwood ndi Sturt zimene zinapempha limodzi, n'kupambana mu Disembala 1994. Inadikira kuti malo apezeke, ndipo anapezeka pamene Fitzroy, timu yakale ya ku Melbourne imene inamira m'ngongole, inaphatikizidwa ndi Brisbane kumapeto kwa 1996. Chimwemwe cha Port chinadutsa pa maliro a timu ina.

Mtengo wolowera unali wowawa. Mu AFL munali kale Collingwood, nayonso Magpies, nayonso ya mizere yakuda ndi yoyera. Collingwood ndi yaing'ono kwa Port pa zaka, popeza inayamba mu 1892, koma mitunduyi inayamba kuvala Port isanatero, ndipo sinalole kugawana. Port inasiya dzina la mbalame ija n'kutchedwa Power, inawonjezera mtundu wobiriwira mopita ku buluu ndi wasiliva, ndipo jezi ya 1902 inatsala kunja. SANFL nayo sinafune kutaya timu imene inkadzaza mabwalo ake, choncho inalamula kuti Magpies ikhalebe mu ligi yaing'ono ngati bungwe lapadera, la akuluakulu ake ndi thumba lake, ndipo kwa kanthawi inachotsedwa ku Alberton n'kukachitira zokonzekera ku Ethelton. Banja limodzi linagawidwa pawiri. Apa ndi pomwe panachokera mtsutso umene ukumvekabe mpaka lero: ochemerera Crows amati Power ndi timu ya 1997 yobwereka mbiri ya eni, a Port amaloza chaka cha 1870 cholembedwa pa malaya awo.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri m'nkhaniyi ndi momwe magazi a matimu awiriwa asakanikirana ngakhale pali udani wonsewu. Andrew McLeod, mnyamata wa ku Darwin, anabwera ku Adelaide kudzasewerera Port Magpies ndipo anatenga nayo chikho cha SANFL mu 1994. Chaka chotsatira anali wa Crows. Pamene Crows, pansi pa Malcolm Blight, inatenga zikho za AFL mu 1997 pogonjetsa St Kilda ndi mu 1998 pogonjetsa North Melbourne, McLeod ndiye anasankhidwa wosewera bwino koposa pa ndime zotsiriza zonse ziwiri. Katswiri amene ambiri amati ndi wamkulu m'mbiri ya Crows anadutsira ku Alberton. Mbali inayo, ana awiri a Graham Cornes, Chad ndi Kane, anasewerera Port, ndipo onse anali m'bwalo mu 2004 pamene Port inagonjetsa Brisbane Lions ndi mapointi 40 n'kutenga chikho chake choyamba cha AFL. Mphunzitsi tsikulo anali Mark Williams, mwana wa Fos Williams. M'bwalo munalinso Gavin Wanganeen, amene anatenga chikho chija cha 1990 ndi Port ali mnyamata wa zaka 17, n'kupita ku Essendon, kenako n'kubwerera kwawo kudzakhala kaputeni woyamba wa Port mu AFL.

Adelaide si mzinda waukulu moti adani angapewane. Osewera a matimu awiriwa anaphunzira masukulu amodzi, ena anakulira m'timu imodzi ya SANFL, ndipo amamwera malo amodzi. Mu 2002, tsiku lotsatira Showdown, magulu awiriwa anakumana pa hotela ya Ramsgate ku Henley Beach ndipo panabuka ndewu imene pakati pake panali Mark Ricciuto wa Crows ndi Josh Carr wa Port. Nkhaniyi imakambidwabe. Palinso kunyozana kwa chuma: a Port amati a Crows ndi omwa vinyo odekha amene amaombera m'manja mwaulemu, a Crows amati a Port ndi anthu aphokoso a kudoko. Zoona zake n'zakuti mbali zonse kuli olemera ndi osauka, koma mawuwa ndi cholowa cha udani wakale wa Port ndi Norwood, wangosintha malaya. Mu 2005 anakumana mu ndime ya chipulula, ndipo Crows inapambana ndi mapointi 83.

Chinthu chimodzi chimene ambiri akunja sadziwa n'chakuti kwa zaka zambiri matimu onse awiri anali ndi mwininyumba mmodzi. Ziphaso zawo za AFL zinali m'manja mwa SANFL, bwalo la Football Park linali la SANFL, ndipo gawo la ndalama za pakhomo linkapita kukathandiza matimu aang'ono. Crows, ya ochemerera ambiri, inkakwanitsa. Port zinaivuta, makamaka itagonja ndi mapointi 119 kwa Geelong pa ndime yotsiriza ya 2007. Pofika 2011 ndi 2012 anthu anachepa kwambiri moti mipando ina inkaphimbidwa ndi malona a otsatsa malonda kuti mphako zisaoneke pa kanema. Magpies nayo inali pafupi kutsekedwa. Chakumapeto kwa 2010 mabungwe awiri aja analoledwa kubwererana kukhala kalabu imodzi, ndipo mu 2014 matimu onse awiri a AFL anamasuka ku SANFL pa nkhani ya ziphaso n'kusamukira limodzi ku Adelaide Oval yokonzedwanso, pakati pa mzinda. Pa nkhani ya bwaloli adani aja anafunikana, chifukwa timu imodzi payokha sikanakwanitsa kulidzaza chaka chonse.

Amene anataya kwambiri pa zonsezi si Port kapena Crows. Ndi Norwood, Sturt, Glenelg, South Adelaide ndi anzawo. Akadalipo, akusewerabe Loweruka pa mabwalo awo akale, ndipo akulerabe ana amene AFL imadzawatenga akafika zaka 18. Koma khamu lija la 1976 silidzabweranso kwa iwo. Kuyambira 2014 Crows inaikanso timu yake yachiwiri mu SANFL, ndipo Magpies inasanduka timu yachiwiri ya Power, kutanthauza kuti matimu a zaka zoposa 100 amapikisana chikho ndi osewera amene angotsitsidwa kudzalimbitsa miyendo. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa matimu amenewa ndiwo anapita kukhoti mu 1990 kuti ateteze ligi yawo, ndipo mwana amene anabereka pa mlanduwo ndi amene anawatengera anthu.

Mu Julayi 2015 mzinda unaona mbali ina ya ubalewu. Phil Walsh, amene anali wothandizira mphunzitsi ku Port pamene inatenga chikho mu 2004, anali m'chaka chake choyamba ngati mphunzitsi wamkulu wa Crows. Pa 3 Julayi anaphedwa kunyumba kwake. Masewero a Crows a sabata imeneyo anathetsedwa. Patapita masabata awiri kunali Showdown, ndipo osewera a matimu onse awiri analowa m'bwalo podutsa pa chinsalu chimodzi, m'malo moti timu iliyonse ing'ambe chake monga mwa mwambo. Ambiri mwa iwo, mbali zonse, anali ataphunzitsidwapo ndi munthu yemweyo. Atatero anamenyana mpira osanyengererana, ndipo Crows inapambana ndi mapointi atatu okha. Mendulo ya wosewera bwino tsikulo inatchedwa dzina la Walsh.

Nkhani ya jezi ija sinathe msanga. Port inaloledwa kuivala pa Showdown ya 2020 pokumbukira zaka 150, koma chaka chotsatira inakanizidwa. Osewera anachita zimene akanatha: atagonjetsa Crows atavala jezi yololedwa, analowa m'chipinda chosinthira, anavala ya mizere yakuda ndi yoyera, n'kuimba nyimbo ya timu makamera akujambula. Mu 2023 Collingwood inavomera kuti Port izivala jeziyo pa Showdown imene ili pakhomo. N'zomveka kuti tsiku limene Port inalimbikira ndi limenelo, chifukwa ndi pamaso pa Crows pomwe imafuna kuonetsa kuti inalipo kale.

Mpira wa amayi wabwereza nkhani yomweyi m'njira yake. Ligi ya amayi ya AFLW itayamba mu 2017, Crows inapatsidwa malo, Port ayi. Erin Phillips, katswiri wa basketball amene anasewererapo dziko la Australia, ndi mwana wa Greg Phillips, yemwe anatenga zikho zisanu ndi zitatu ndi Port. Anakulira ku Alberton, koma timu ya bambo ake inalibe malo oti iye asewere, choncho anavala malaya a Crows n'kuwathandiza kutenga zikho zitatu, mu 2017, 2019 ndi 2022. Port italoledwa kulowa mu 2022, Erin anatsanzikana ndi anzake a Crows n'kubwerera ku Alberton, komwe anasankhidwa kukhala kaputeni woyamba wa timu ya amayi ndipo anavala nambala 1, imene mwa mwambo wa Port amavala kaputeni.